Mai Amene Sanathawa Pamoto Paja

Werengani Marko 9:14-29, ndi Afilipi 2:25-30.

Mwezi uno tiri ndi mau a ciyamiko. Koma m'kati mwa ciyamikoco muli manyazi, ndipo manyaziwo ndi athu. Tifuna kukuuzani cimene tinaona ndi maso athu pa msonkhano wa Mgonero wa mwezi wathawu, pa mudzi wina wa dera lathu lino. Dzina la mudziwo sitilichula, ngakhale maina a anthu ace, pakuti amene analipo adziwa kale, ndipo amene sanalipo sitifuna kuti akaloze munthu cala.

Linali Loweruka mamawa, nyengo ya cisanu. Akristu a midzi yambiri anagona pomwepo, ndipo amai anasonkha moto kuseri kwa chalichi kuti aphike phala la alendo. Ana anazinga motowo, monga acita ana masiku a cisanu. Pakati pao panali mnyamata wa zaka ngati 14, mwana wa mai wina wa mpingo wathu. Mwanayu anadwala malungo akuru ali wamng'ono, malungo aja okwera kumutu, nagona m'cipatala masiku ambiri wosadziwa kanthu. Moyo wace unapulumuka, koma kuyambira pamenepo nzeru zace ziyenda pang'ono pang'ono, mau ace aturuka mobvutika, ndipo nthawi zina agwa khunyu. M'kalasi mwathu akhala kumbuyo yekha. Ndipo tiulule kuti ifenso sitinamuitana ndi tsiku limodzi lomwe kuti asendere kutsogolo.

Mwadzidzidzi anapfuula kamodzi, nauma thupi lonse, nagwa cammbali, dzanja lace lamanzere liri pa makala. Pomwepo anayamba kuphiriphitha, thobvu lirikuturuka m'kamwa.

Tsono taonani cimene tinacita ife, anthu amene usiku wace tinaimba nyimbo za cikondi kufikira mau atasasa. Tinathawa. Amai ananyamula ana ao nathamanga nao, ena anatseka mphuno ndi nsaru, munthu wina wamkuru anapfuula nati, "Patukani, angakupatseni!" Ife amene tilemba izi sitinathamanga, koma sitinasenderanso. Tinaima capatali, buku liri m'manja, miyendo yolemera ngati mtondo. Amace a mwanayo anali kucitsime.

Mmodzi yekha anathamangira kumene ena onse anacokera. Ndiye mai wamasiye wa ana atatu, wopanda udindo uli wonse mumpingo, amene zaka zingapo zapitazo anadzipereka kuti adziyendera odwala a m'midzi yathu, wosalandira malipiro. Mlangizi wa zaumoyo anamphunzitsa, pamodzi ndi anzace odzipereka, cimene ayenera kucita munthu akagwa khunyu. Ndipo iye anasunga cimene anamva. Anamgwira mnyamatayo pa malaya, namkokera kutali ndi moto, nakankhira kumbali nkhuni ndi miphika kuti angadzipweteke nazo. Anabvula mpango wace, naupinda, nauika pansi pa mutu wace, nammasula mabatani a pakhosi. Atatero anagwada pomwepo, wosamkanikiza manja kapena miyendo, nauza mtsikana wina wa lamya kuti adziwerenga mphindi.

Agogo ena, pofuna kuthandiza, anadza ndi mthiko kuti amuike m'kamwa, ati angameze lilime. Maiyo anawaletsa mwaulemu nati, "Pepani agogo, musatero. Lilime silimezeka, koma mthikowo umthyola mano." Ndipo agogowo anabwerera nao mthiko wao. Zitapita mphindi zitatu kuphiriphitha kunaleka. Pamenepo anamgoneka cammbali kuti malobvu aturuke, angamtsamwe, nampukuta kukamwa ndi msonga ya nsaru yace.

Ndipo cimene catigwira mtima koposa ndi ici. Mnyamatayo anadzikodzera, monga zicitika kawiri kawiri ndi nthenda imeneyi, ndipo ana ena, amene tsopano anayamba kubwerera, anaona nayamba kuseka. Maiyo anamasula nsaru yace yapamwamba, pa cisanu conseco, nampfunda nayo kuyambira m'cuuno kufikira kumapazi. Natiyang'ana ife nati, "Bambo mphunzitsi, tawauzani anthu apite kukamwa phala. Akadzuka asapeze maso onsewa." Mau amenewo ndiwo anamasula miyendo yathu. Ife aphunzitsi a Mau tinalandira lamulo kwa mai wamasiye, ndipo sitinalandira lamulo labwino loposa limenelo caka cino.

Dzanja lopsa lija analithira madzi ozizira, natumiza ana kukatunga ena, nathirabe nthawi yaitali, monga mphindi 20. Ndipo pamene ena anadza ndi dzira laliwisi, ena mafuta ophikira, ena mankhwala otsukira mano, iye anakana zonsezo, nakulunga balalo ndi nsaru yoyera. Mnyamatayo potsegula maso sanadziwa kumene ali. Anacita mantha, nalira, nayamba kumkankha. Maiyo sanamdzudzula. Anakhala pansi pa pfumbi kuti nkhope yace ilingane ndi ya mwanayo, namuitana dzina lace ndi mau apansi, nanena, "Uli pachalichi, mwananga. Unagwa pang'ono, catha tsopano. Amako alinkudza." Anabwereza mau omwewo kapena kakhumi, kufikira mwanayo anatonthola, natsamira pa phewa lace. Atatsitsimuka bwino anapempha madzi. Maiyo anammwetsa, ndipo madzi otsala m'cikhomo anamwa iye mwini, tonse tirikupenya, wosanena kanthu.

Pambuyo pace anamperekeza ndi amace ku cipatala pa njinga, nabwera dzuwa litalowa. Potero mapemphero okonzekera Mgonero anamdutsa. Ndipo madzulo ace munthu wina anafunsa akuru ngati nkuloleka kuti maiyo adye Mgonero m'mawa mwace, popeza sanakonzekera pamodzi ndi anzace. Funsolo tinalimva ndi makutu athu. Sitimtsutsa wofunsayo koposa umo tidzitsutsa tokha, pakuti mwambo wa mpingo ndi wabwino. Koma tinayankha kuti ngati panali munthu wokonzekera gome la Ambuye tsiku lija, ndiye amene anamwera cikho cimodzi ndi mwana wothawidwa ndi onse.

Tsopano tsegulani Uthenga wa Marko, mutu 9. Ambuye Yesu alikutsika m'phiri muja anaonekera ndi ulemerero, napeza pansi pace khamu la anthu, alembi alikutsutsana ndi akuphunzira ace, ndi pakati pao atate wina ali ndi mwana wodwala. Zizindikilo zimene atateyo anafotokoza muzidziwa nonse: kugwa pansi, thobvu, kukukuta mano, kuuma thupi, ndi kugwera m'moto ndi m'madzi. Onani kuti anthu anali ambiri ndi mau anali ambiri, koma panalibe anagwada. Alembi anali ndi makani ao, akuphunzira anali ndi manyazi a kulephera kwao, khamu linali ndi maso. Mwanayo anali yekha. Yesu anayamba ndi kulamulira kuti abwere naye pafupi. Ndipo asanacite cozizwa ciri conse, anafunsa atateyo kuti nthendayo inayamba liti. Kodi Mwana wa Mulungu sanadziwa? Anadziwa, koma anafuna kuti munthu amene anasenza katunduyo yekha zaka zambiri apeze womumvera. Ife takhala ndi amace a mnyamata uja mumpingo zaka 10 cimgwerere tsokali, ndipo sitikumbuka ngati tinakhala pakhonde pao ndi kufunsa funso lotero.

Pomariza mwana wa mu Uthengayo anagona cete, ndipo ambiri anayesa kuti wafa. Pamenepo Yesu anatambasula dzanja namgwira, namuutsa. Muzindikire kuti Ambuye anali ndi mphamvu yakuciritsa ali patali, monga anacitira kapolo wa kenturiyo ndi mwana wa nduna ya ku Kapernao, amene sanawaona ndi maso. Koma anthu amene anzao anaopa kuwakhudza, iwowo ndiwo Iye anawakhudza. Anakhudza wakhate m'mutu woyamba wa Marko. Ndipo m'mutu 7, pamene anadza naye munthu wogontha ndi wacibwibwi, anayamba wampatula pa khamu la anthu, kuti kusowa kwace kusakhale coonerera. Pamene mlongo wathu anatipempha kuti ticotse anthu, mwina sanakumbuka mutu umenewo. Koma anacita cokhacokhaco.

Tidziwa kuti wina adzati, Nanga Marko sanena kuti mwana uja anali ndi mzimu woipa? Anatero, ndipo sitikana colembedwa. Koma tiyankha zitatu. Mateyu, m'mutu 4 ndime 24, powerenga odwala amene anadza nao kwa Yesu, aika akhunyu paokha ndi ogwidwa ndi mizimu paokha. Cotero Buku lomwelo silitilola kunena kuti yense wakugwa khunyu ali ndi ciwanda. Ndiponso m'mutu 9 wa Yohane, pamene akuphunzira anafuna kudziwa mwini chimo limene linacititsa munthu kubadwa wosaona, Ambuye anakana kuliika pa iye kapena pa akumbala. Ndipo ife tiribe ufulu wakusanthula banja la wodwala kuti tipeze amene analodza kapena amene anakhwimira cuma. Cacitatu ndi ici: ngakhale pa mwana uja amene analidi ndi mzimu, Yesu sanathawa. Ngati muti ndi ciwanda, mwadzitsekera nokha njira yothawira, pakuti Mkristu sathawa ciwanda ndi kusiya mwana pamoto.

Mulungu wapatsanso anthu a masiku ano nzeru yakuona m'kati mwa mutu wa munthu, ndipo kukana nzeruyo ndiko kupeputsa Wopatsayo. Madotolo atiphunzitsa kuti khunyu ndi nthenda ya ubongo. Mu ubongo muyenda timauthenga tating'ono tonga magetsi, tolamulira manja, miyendo, maso ndi lilime. Ndipo nthawi zina timauthengato tibuka tonse pamodzi, monga mphezi, ndipo thupi ligwedezeka kufikira mpheziyo itapita. Cimene ciyambitsa ndi bala la mu ubongo: pena malungo akuru, pena nthenda youmitsa khosi, pena kubvutika pobadwa kumene mwana acedwa kupuma, pena kumenyeka mutu pa ngozi, pena nyongolotsi ina ya m'nkhumba, imene mazira ace alowa m'thupi ndi zakudya kapena madzi odetsedwa, nakakhala mu ubongo. Mwa ena ambiri ciyambi cace sicioneka. Koma pa cinthu cimodzi palibe kukayika: khunyu sapatsirana. Sapatsirana ndi malobvu, kapena thobvu, kapena mkodzo, kapena mpweya umene wodwala aturutsa, kapena mbale, kapena mphasa. Makolo athu anatiuza zina cifukwa sanadziwa, ndipo anatiuza mwa cikondi, pofuna kutisunga. Sitiwanyoza. Koma mantha amene anatisiyira apsetsa anthu ambiri, pakuti nthawi zambiri cimene cipundula munthu wakhunyu si nthenda yace, koma moto umene anagwerapo popanda womcotsa, ndi madzi amene anamiramo anzace alikupenya.

Bungwe loyang'anira zaumoyo pa dziko lonse lapansi, la WHO, liwerenga kuti anthu akhunyu alipo ngati 50 miliyoni, ndi kuti pafupi 8 mwa 10 ali onse akhala m'maiko osalemera, onga lathuli. Linenanso kuti kufikira 7 mwa 10 akhoza kukhala osagwanso, akapimidwa bwino ndi kulandira mankhwala oyenera. Ndipo mankhwalawo si acilendo ai. Amodzi a iwo, ochedwa phenobarbitone, anayamba kuthandiza akhunyu m'caka ca 1912, agogo athu asanabadwe, ndipo mtengo wace ndi wocepa. Alipo enanso amene dotolo asankha monga aona wodwalayo. Koma lamulo lace ndi lolimba: amwedwa tsiku ndi tsiku, ngakhale munthu akhale miyezi wosagwa, ndipo kuwaleka mwadzidzidzi kuutsa nthendayo ndi ukali woposa. Cifukwa cace tinena poyera kuti iye amene apempherera wodwala, namuuza kuti ataye mankhwala ace poonetsa cikhulupiriro, acimwira moyo wa munthuyo. Pempherani, ndipo mutanena Amen mufunse ngati mankhwala a mwezi uno alipo.

Tinamfunsa mlongo wathuyo cifukwa cace anauza mtsikana uja kuwerenga mphindi. Anati anaphunzitsidwa kuti kugwa kwambiri kuleka kokha zisanakwane mphindi 5, ndipo cofunika ndi kumsunga munthu kuti asadzipweteke. Koma kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, kapena akagwera m'madzi, kapena akabvulala, kapena akakhala mai wapakati, kapena kukakhala kugwa kwace koyamba, pamenepo kucedwa kulibe, athamange naye ku cipatala. Anatinso asammwetse madzi kapena mankhwala asanatsitsimuke bwino. Talemba izi kuti mudziwerengere iwo osadziwa kuwerenga.

Tsono tifike pa mau a ciyamiko. Pamene tinamuuza maiyo kuti tifuna kulemba za iye m'kalata ino, anakana, nati, "Iai bambo, ndinangocita zimene anatiphunzitsa." Ndipo ena a ife anabvomerezana naye, pokumbuka cilangizo ca Ambuye ca m'mutu 6 wa Mateyu, cakuti zacifundo zicitike mseri. Tinalingalira mau amenewo masiku angapo. Tapeza kuti cilangizoco cimanga wocita cifundo, kuti asadzilengeze yekha. Sicimanga wakuona cifundoco kuti atseke pakamwa. Maiyo wasunga mbali yace, pakuti sanauza munthu. Ife tiri ndi mbali yathu, ndipo Mtumwi Paulo atiphunzitsa imeneyo. Mpingo wa ku Filipi unatuma munthu dzina lace Epafrodito kukatumikira Paulo m'ndende. Sanalemba buku, ulaliki wace sitiudziwa. Anangonyamula mphatso ya abale, nakakhala pafupi ndi wandende, nadwala kufikira pafupi kufa. Pombweza kwao Paulo analamulira Afilipi kuti amlandire ndi cimwemwe, ndi kucitira ulemu iye ndi onse onga iye. Ndilo lamulo, monga malamulo ena a m'kalata yomweyo.

Ndipo tidzifunse kuti ulemu wathu tiupereka kwa yani. Munthu akapereka matumba a simenti kapena malata a chalichi, dzina lace tiliwerenga pa guwa, amai aululutira, ndipo timkhazika pa mpando wa kutsogolo. Sitinena kuti nkoipa, denga lifunika. Koma amene acapa nsaru za wodwala wosakhoza kudzuka, amene atungira madzi nkhalamba yosaona, amene akhala usiku wonse ndi munthu wosokonezeka mutu kuti asalowe m'thengo, amenewa sitiwadziwa, ndipo ana athu pakuona amene timuombera m'manja aphunzira cimene mpingo uyesa cacikuru. Kukhala cete kwathu kwawaphunzitsa kale zambiri. Dzina la maiyo talibisa monga anapempha. Marko nayenso sanalemba dzina la mkazi uja anadzoza Ambuye mafuta ku Betaniya, koma nchito yace anailemba yonse.

Musayese kuti mlongo wathuyo analengedwa wopanda mantha. Potsiriza anatiuza cimene sanauza munthu zaka zambiri. Ali mtsikana wamng'ono anali ndi mlongo wace wakhunyu. Tsiku lina mnyamatayo anagwera pamoto m'nyumba, ndipo onse anaturuka kuthawa, iyenso pamodzi nao, pakuti anawauza kuti akamkhudza atenga. Pobwerera anampeza atapsa kwambiri, ndipo sanakhalitsa. "Loweruka lija," anatero maiyo, "manja anga ananjenjemera, ndipo mau a agogo anga ndinawamva m'makutu. Koma ndinati, ndinathawa kamodzi, cakwana." Tamverani abale, mantha anali nao monga ife, cosiyana ndi cakuti iye anapita nao mantha ace kufikira pamoto.

Mulungu acita cotero kawiri kawiri, kuti munthu wolasidwa ndi cisoni ndiye aona cisoni ca mnzace. Ku dziko la Germany kunali mbusa dzina lace Friedrich von Bodelschwingh, amene m'caka ca 1869 anaika m'manda ana ace anai m'masabata awiri okha. M'caka ca 1872 anaitanidwa kukayang'anira kanyumba kosungiramo anyamata akhunyu pafupi ndi mzinda wa Bielefeld, kamene kanayambika m'caka ca 1867, masiku amene anthu otere anabisidwa m'nyumba ndi kukanidwa nchito, monga ticita ife. Malowo anachedwa Bethel. Mbusayo sanakhutira ndi kuwadyetsa ndi kuwagoneka. Anafuna kuti ali yense akhale ndi nchito yolingana ndi mphamvu yace, wina kumunda, wina kosoka, wina kopala matabwa, ndi kuti onse apembedze pamodzi, odwala ndi olimba. Kanyumbako kanakula kakhala mudzi, ndipo nchito ya Bethel iripo kufikira lero. Tachula ici cifukwa ca mau amodzi aja, pamodzi. Kucotsa munthu pamoto ndi nchito ya mphindi imodzi. Kumpatsa malo pakati pa anzace ndi nchito ya mpingo wonse, ndipo mai mmodzi sangathe kuicita yekha.

Pano ndipo pali coopsa ca ciyamiko cathu. Kuli kuyamika kwina kumene kuli kuthawa kobvala malaya a Sabata. Tinena, "Mai uja ali ndi mtima wabwino, Mulungu anampatsa mphatso yotero," ndipo m'kati tirikunena kuti, "Cotero akagwanso tidzaitana iyeyo." Timsenzetsa katundu yense, ndi kumlipira ndi mau okoma. Tikatero ciyamiko cathu cidzatitsutsa tsiku lomariza, pakuti cidzakhala umboni wakuti tinadziwa cabwino, ticiona ndi maso, ticilemba m'kalata, koma osacicita. Zimene anacita maiyo palibe cimodzi cofuna sukulu yaikuru kapena ndarama. Mpango ali nao mai ali yense. Kugwada adziwa Mkristu ali yense.

Ndipo mlanduwu sunathe. Cicokere ku cipatala mnyamatayo sanaoneke pachalichi Masabata atatu, ngakhale amace. Tinapita kukawaona. Dzanja lirikupola, ndipo dotolo wamuyambitsanso mankhwala, amene anawaleka caka catha cifukwa cipatala ciri kutali ndipo amace analibe womsiyira ana ena. Koma amacewo anati, maso ali pansi, "Bambo, ndamva kuti amai ena apempha kuti mwana wanga adzikhala ndi cikho cace ndi mbale yace pa misonkhano, ndi kuti asadzilowa m'kalasi ndi ana ao. Ndaona kuti ndi bwino tidzipemphera kuno kunyumba, tingabvutitse anthu." Mau amenewo si abodza, pempholo linafikadi kwa akuru. Mnyamatayo anali pakhonde alikumva zonse. Potsazikana anatifunsa, ndi mau ace obvutika aja, ngati nyimbo imene tinayamba kuphunzira m'kalasi anzace aimariza iye kulibe.

Akuru a mpingo anakhala pansi pa nkhaniyi, ndipo makani analipo, pakuti mantha a zaka zambiri sacoka ndi msonkhano umodzi. Ena anati tisakakamize amai amene aopera ana ao. Ndipo tibvomera kuti mantha ao acokera m'cikondi, cifukwa cace tiyenera kuwaphunzitsa mofatsa, osawanyoza. Koma pempho lakumpatula lakanidwa. Mnyamatayo adzamwera cikho ca onse ndi kudyera mbale ya onse. M'kalasi adzakhala pa mzere woyamba, pafupi ndi mphunzitsi, kutali ndi khoma ndi ngodya za mipando. Ndipo pa misonkhano munthu wamkuru mmodzi adzakhala naye pafupi pamene pali moto. Tapempha mlangizi wa zaumoyo kuti adze Loweruka loyamba la mwezi wa mawa, ndipo mlongo wathuyo wabvomera, ngakhale monyinyirika, kuonetsa ndi manja ace pamaso pa mpingo magonekedwe a munthu wakugwa. Akuru, aphunzitsi ndi atsogoleri a amai a midzi yonse ya dera lino afike, ndipo mudzi uli wonse ubwere ndi maina a akhunyu amene abisika m'nyumba, kuti tidziwe amene alandira mankhwala ndi amene salandira. Mainawo adzasungidwa ndi mlangizi yekha.

Catsala ndi ulendo wa ku cipatala. Mankhwala atengedwa mwezi ndi mwezi, ndipo njira ndi ya maora atatu pa njinga, kupita ndi kubwera. Mlongo wathuyo anadzipereka kuti adzipita yekha, koma akuru anamkaniza, pakuti ali ndi ana atatu ndi munda wopanda womlimira, ndi odwala ena amene awayendera. Tifuna anthu 12, mmodzi pa mwezi, kuti caka cikwane. Pamene tirikulemba izi alembetsa anai, ndipo mmodzi wa iwo ndi agogo aja a mthiko, amene ati adzatuma mdzukulu wao ndi njinga yao. Mwezi woyamba tatenga ife. Amene afuna mwezi wace aonane ndi mkuru wa mpingo wa mudzi wace Sabata lino lisanapite.